Alangizi a amphawi akutha ku Britain

Moto utanyeketsa nyumba yosanja ya Grenfell Tower mumzinda wa London mu June 2017 n'kupha anthu 72, opulumuka ambiri anakapeza thandizo ku North Kensington Law Centre, kaofesi ka maloya a amphawi kamene kali chapafupi pomwepo. Kanatsegulidwa mu 1970, koyamba ka mtundu wake m'dzikomo. M'maofesi otere munthu amalowa atanyamula jumbo yodzaza makalata amene wakhala akuopa kutsegula, ena a eninyumba, ena a okongoza ndalama, mlangizi n'kumatsegula imodziimodzi. Nthawi zambiri salipiritsa ngakhale khobidi.

Koma alangiziwa akucheperachepera. Lamulo lotchedwa LASPO litayamba kugwira ntchito mu April 2013, boma linasiya kulipirira thandizo pa nkhani zambiri za ngongole, za kuntchito ndi za ndalama zothandizira ovutika. Pamenepo n'kuti malipiro amene boma limapereka kwa maloyawa atakwera komaliza mu 1996, n'kudulidwanso ndi 10 peresenti mu 2011. Akuluakulu odziwa ntchito akupuma, achinyamata akuthamangira kumene kuli malipiro abwino.

Mabungwe opereka ndalama zachifundo nawonso sangasambe m'manja. Ambiri anazolowera kupereka ndalama za chaka chimodzi, za pulojekiti yatsopano basi, osalabadira malipiro kapena maphunziro a wogwira ntchitoyo. Mlangizi wa kontilakiti ya miyezi 12 amayamba kufunafuna ntchito ina chaka chisanathe. Tsono wamkulu amene wapanikizika ndi mzere wa anthu pakhomo angapeze kuti nthawi yophunzitsa wobwera kumene? Apa m'pamene pagona vuto, chifukwa ntchitoyi munthu amaidziwa atakhala pambali pa woidziwa kale kwa zaka.

Ena atsegula maso. Mu 2014 bungwe la The Legal Education Foundation linakhazikitsa Justice First Fellowship, ndondomeko imene imalipirira zaka ziwiri zonse zimene loya wachinyamata amaphunzira ntchito paofesi yothandiza amphawi, komanso kumupatsa mpata woyambitsa ntchito yoti idzabweretse ndalama za malipiro ake akamaliza. Ku London mabungwe monga Trust for London ndi City Bridge Foundation anasonkha ndalama m'thumba limodzi, Advice Workforce Development Fund, loti liphunzitse alangizi atsopano, makamaka ochokera m'madera omwe amavutikawo, ndi kuunikanso malipiro awo kuti ophunzitsidwawo asamachoke.