Dzanzi la pachipsera: jakisoni wa pamsana akunamiziridwa

Pa chipatala chachikulu cha boma la Mwanza pamafika amayi ochokera ku Thambani, Kunenekude, Tulonkhondo, ngakhalenso kutsidya la malire ku Zobue. Ena mwa iwo amabereka kudzera pa opaleshoni. Bala likapola, dandaulo limene limamveka kawirikawiri ndi la dzanzi: khungu la m'munsi mwa mchombo silimva kanthu, zovala zikalikhudza limayabwa kapena kulasalasa, ndipo mapazi amazizira.

Mayi akangonena zimenezi kumudzi, oweruza amakhala atakonzeka kale. Wina amati jakisoni wa pamsana uja, amene amabaya pochita opaleshoni, wapha miyendo, wina amati adokotala anaiwala chitsulo m'mimba, winanso amaloza apongozi. Mphekesera ya jakisoniyi ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa imachititsa amayi kuzengereza kuvomera opaleshoni pamene mwana akuvutika m'mimba.

Zoona zake n'zakuti singano ija imalowa m'munsi mwa pamene mtsempha waukulu wa mumsana umathera, ndipo mphamvu ya mankhwalawo imatha pakangopita maola ochepa. Kuvulala kokhalitsa chifukwa cha jakisoniyu kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Mayi amene anadzuka tsiku lotsatira n'kuyenda yekha m'wodi sanaphedwe miyendo ndi jakisoni.

Dzanzi la pachipsera limachokera pa bala lenilenilo. Pansi pa khungu pali timitsempha tating'onoting'ono, toonda kuposa ulusi, timene timatumiza uthenga ku ubongo kuti apa pakhudzidwa, apa patentha. Palibe dokotala, kaya wa ku Mwanza kaya wa ku Gulupu mumzinda wa Blantyre, amene angang'ambe mimba osadulako timitsempha timeneti. Mtsempha ukaduka, mbali yakutsogolo imafota, ndipo mbali yotsalayo imayamba kuphukira ngati chitsa cha mtengo wa nachesi. Imakula pafupifupi milimita imodzi patsiku. Tinsonga tatsopanoto timatumiza uthenga wosokonekera, n'chifukwa chake munthu amamva ngati nyerere zikuyenda kapena magetsi amugwira. Nthawi zambiri kumeneko ndiko kuchira. Kumatenga miyezi ingapo mwinanso kupyola chaka, ndipo kwa ena kachigawo kakang'ono kamatsala kadzanzi mpaka kalekale popanda vuto lililonse.

Palinso mitsempha iwiri yokulirapo, yotchedwa ilioinguinal ndi iliohypogastric, imene imadutsa m'mbali mwa chinena. Ikapanidwa ndi ulusi wosokera kapena ndi chipsera cha mkati, ululu wotentha umatsikira ku mphechepeche. Abambo amene anachitidwa opaleshoni ya phudzi amakumana nazonso. Ululu wotere uli ndi mankhwala ake kuchipatala.

Kuzizira kwa manja ndi mapazi ndi nkhani ina. Mayi amene wataya magazi ambiri, thupi lake limayamba lasamalira mtima ndi ubongo, zala n'kutsalira. Kuchepa kwa magazi kumadziwika poyeza, ndipo mapiritsi owonjezera magazi amathandiza. Dzanzi la mapazi onse awiri lingachokerenso ku matenda a shuga kapena ku mankhwala a TB otchedwa isoniazid, zomwe sizikhudzana ndi mpeni wa dokotala.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chithandizo cha kumudzi ndicho chimavulaza. Kuthowa ndi madzi otentha malo amene sakumva kumawotcha khungu mayi osazindikira. Kutema mphini pafupi ndi bala ndi kuitana mafinya. Ndalama yogulitsa manachesi imathera kwa sing'anga pa vuto limene likanatha lokha, pamene vuto lofunika dokotala likukulirakulira.

Zizindikiro zosayenera kugona nazo m'nyumba ndi izi: mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka, phazi kuzizira mwadzidzidzi n'kusintha mtundu, mwendo kufooka mpaka kumakhwekhwereza, kulephera kukodza kapena kugwira chimbudzi, kupuma mobanika, kutentha thupi, komanso kutaya magazi kotsagana ndi chizungulire. Zikaoneka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, buku lanu la kuchipatala lili m'manja. Ndipo inu achibale, lekani kuopseza amayi oyembekezera ndi nkhani ya jakisoni, chifukwa opaleshoni yochitika pa nthawi yake imapulumutsa mayi ndi mwana yemwe.