Zoyenera kudziwa ngozi yachilengedwe ikasokoneza ulendo wa pandege

Phiri la Eyjafjallajökull m'dziko la Iceland litaphulika pa 14 April 2010, phulusa lake linafalikira m'mlengalenga mwa maiko ambiri a ku Ulaya moti ndege zinaletsedwa kuuluka kwa masiku pafupifupi 6. Maulendo pafupifupi 100,000 analephereka ndipo bungwe la IATA linati makampani a ndege anataya ndalama zokwana madola 1.7 biliyoni a ku America.

Ndege zinaimitsidwa chifukwa phulusa lotere limakhala ndi tizidutswa ta miyala timene timasungunuka mu injini n'kuizimitsa. Mu 1982 injini zonse zinayi za ndege ya British Airways zinazima italowa m'phulusa la phiri la Galunggung ku Indonesia, ngakhale pambuyo pake inatera bwinobwino ku Jakarta.

Vutoli silinasiye ngakhale atsogoleri. Mtsogoleri wa dziko la Germany panthawiyo, Mayi Angela Merkel, pochokera ku America anatera ku Lisbon, kenaka ku Rome, ndipo anamaliza ulendo wawo pamsewu.

Kwa amalonda ndi ogwira ntchito amene ali paulendo, phunziro lalikulu n'lakuti asafulumire kufafaniza okha tikiti yawo. Malinga ndi lamulo la European Union nambala 261 la 2004, kampani ikaimitsa ulendo imayenera kubweza ndalama kapena kumupezera munthu ulendo wina, komanso kumupatsa chakudya ndi malo ogona pamene akudikira. Mu 2013 khothi lalikulu la bungweli linagamula kuti udindo wosamalira apaulendo sutha ngakhale vutolo litadza ndi ngozi yachilengedwe, koma chipukuta misozi chapadera sichiperekedwa. Munthu akafafaniza yekha tikiti ndege isanaimitsidwe, angathe kutaya ufulu umenewu.

Lamuloli limateteza aliyense wonyamuka pabwalo la ndege la m'maiko a bungweli, komanso wolowa m'maikowa pa ndege ya kampani ya komweko. Motero Mmalawi wopita ku Ulaya kudzera ku Nairobi, Addis Ababa kapena Johannesburg pa ndege ya kampani ya mu Africa satetezedwa popita, koma amatetezedwa pobwerera.

Asanasinthe njira, wapaulendo ayenera kuonanso masiku a viza yake, kusunga malisiti onse a chakudya ndi malo ogona, kuwerenga zimene inshuwalansi yake imalipira, komanso kudziwitsa msanga amene akukakumana nawo kuti msonkhano usunthidwe kapena uchitikire pa intaneti.