KAMERA YA FILIMU: BOKOSI LAMDIMA LIMENE LINASUNGA NKHOPE ZA MAKOLO

M'nyumba zambiri za ku Kabwata ndi ku Chelstone mu Lusaka, ngakhalenso m'midzi ya ku Katete, Petauke ndi Chadiza, muli masutukesi akale m'mene mwagona zithunzi za anthu amene anabwera m'tauni kudzafuna nchito m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Wina waima pambali pa njinga yatsopano, wina wanyamula wailesi, kuti makolo kumudzi aone kuti mwana wao ali moyo ndipo nchito ikuyenda. Pansi pa zithunzizo nthawi zina pamapezeka timizere takuda ta filimu, ndipo m'nyumba zina mulinso kamera imene inazijambula. Ana a masiku ano, amene amajambula ndi foni, amayesa zimenezi zinyalala. Munthu wodziwa m'mene kamerayo imagwirira nchito sangalole kuti zitayidwe kudzala.

Kamera ya filimu ndi bokosi lamdima lokhala ndi khomo limodzi lolowera kuwala. Dzina lace lomwe linacokera ku mau a Cilatini otanthauza cipinda. Amene anagonapo masana m'nyumba yotseka bwino, kuwala kukulowa pa kabowo kamodzi ka pa citseko, angakumbukire kuti pa khoma pamaoneka zithunzithunzi za anthu odutsa panja, mitu pansi miyendo m'mwamba. Zocitika m'kamera ndi zomwezo, koma m'malo mwa khoma muli filimu yogwira cithunzico kuti cisathawe.

Pa khomo la bokosilo pali diso la kamera, limene ojambula amalitcha lenzi. Si galasi limodzi ai, koma magalasi angapo oikidwa motsatana kuti asonkhanitse kuwala ndi kukuponya pa filimu. Kunja kwace kuli mkombero wolembedwa manambala a mamita. Wojambula akaupotoza, magalasi aja amasendera kutsogolo kapena kumbuyo mpaka nkhope ya wojambulidwa itaoneka bwino. Akalakwitsa apa, mtengo wa kumbuyo ndiwo umatuluka bwino, mwini cithunzi naoneka ngati waima mu utsi.

Mkati mwa lenzi muli timasamba tacitsulo topyapyala, tosanjikizana mozungulira, timene timasiya cibowo pakati. Cibowoco cimakula ndi kucepa monga imacitira mboni ya diso la munthu polowa ndi potuluka m'nyumba. Mkombero waciwiri ndiwo umacilamulira, ndipo pamenepo palembedwa 2, 2.8, 4, 5.6, 8, 11 ndi 16. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka, cifukwa nambala ikakula cibowo cimacepa. Kucoka pa 8 kupita pa 11 ndiko kudula kuwala pakati, ndipo kucoka pa 8 kubwerera pa 5.6 ndiko kukuwirikiza kawiri. Cibowo cacing'ono ciri ndi ubwino wina: cimaonetsa bwino za pafupi ndi za patali pamodzi. Ndico cifukwa cace pa ukwati, pamene acibale aima mizere itatu, wojambula wodziwa nchito amasankha 8 kapena 11, kuti apongozi a kumbuyo asadzadandaule kuti sakuoneka.

Kutsogolo kwa filimu kuli citseko, cimene ojambula amacitcha shata. M'makamera ambiri ndi tinsalu tiwiri takuda tothamanga motsatana, kapena timasamba tacitsulo. Ico ndico cikope ca kamera: cimakhala cotseka nthawi zonse, ndipo cimaphethira pokhapokha cala cikakanikiza batani. Pamwamba pa kamera pali kagudumu kolembedwa 30, 60, 125, 250, 500 ndi 1000. Nambala 125 itanthauza kuti sekondi imodzi yagawidwa pa 125, ndipo citseko cikhala cotsegula kwa gawo limodzi lokha. Munthu wokhala pa mpando amakwanira pa 125. Koma ovina pa Kabwata Cultural Village, kapena wosewera mpira amene akuthamanga pa Woodlands Stadium, amafuna 500 kapena 1000, apo ai miyendo yace imatuluka ngati fumbi. Pansi pa 60, dzanja la wojambula lomwe limayamba kugwedeza cithunzi, ndipo kamera iyenera kuikidwa pa miyendo itatu ija imene inkaoneka m'masitudiyo.

Cibowo ndi citseko zimagwira nchito ngati mpopi ndi ndowa. Mpopi wotsegula kwambiri umadzaza ndowa msanga, wotsegula pang'ono umafuna nthawi, koma madzi ofunika ndi omwewo. Kukula kwa ndowayo ndi nambala yolembedwa pa paketi ya filimu, monga 100 kapena 400: filimu ya 400 imakhuta ndi kuwala kocepa. Ojambula akale anali ndi lamulo la pamtima. Pa dzuwa la October pa Cairo Road, ndi filimu ya 100, cibowo pa 16 ndi citseko pa 125. Pa mthunzi wa mitengo ya m'misewu ya Kabulonga, cibowo cibwerere ca pa 5.6.

Lamulolo silinali lokwanira pa khungu lakuda. Kwa zaka zambiri makampani a filimu ya mitundu, monga Kodak, ankayesera mitundu yao pa cithunzi ca mzimai wa Cizungu, kotero munthu wakuda wovala malaya oyera pa dzuwa ankatuluka maso ndi mano okha. Ojambula a kuno anaphunzira okha kutsegula cibowo pang'ono kuposa m'mene buku linkanenera, kapena kumuimika munthu pa mthunzi. Cithunzi ca agogo cimene nkhope ikuoneka bwino mpaka makwinya ndi umboni wakuti wojambulayo sanali wongokanikiza batani.

Makamera ena ali ndi kalirole mkati, woima mopendekeka kumbuyo kwa lenzi. Iye amatumiza kuwala m'mwamba, m'kagalasi ka ngodya zisanu kobisika m'linunda la pamwamba pa kamera, kamene kamatembenuza cithunzi kuti wojambula acione ciri ciriri. Batani likakanikizidwa, kalirole amanyamuka, citseko cimatseguka ndi kutsekanso, kalirole nabwerera. Phokoso lija limene anthu ankamva atauzidwa kuti asaphethire ndi limeneli. Pentax K1000, imene inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, ndi ya mtundu umenewu. Batire lace limangoyendetsa kasingano koyesa kuwala. Zina zonse zimayenda ndi masipuling'i, kotero imajambulabe batire litatha. Panalinso ya Yashica ya maso awiri, imene wojambula ankaigwira pa cifuwa akuyang'ana pansi, yotulutsa zithunzi 12 pa filimu imodzi.

Filimu yofala kwambiri inali ya mamilimita 35, ya zithunzi 24 kapena 36. Inabwerekedwa ku kanema ndi Oskar Barnack wa ku Germany, ndipo kamera yace ya Leica inayamba kugulitsidwa mu 1925. Pa filimu anamatapo mankhwala a siliva amene amasintha akaona kuwala. M'mphepete mwace muli timabowo m'mene mumalowa mano a kagudumu, ndipo cala cacikulu cikakankha kamkono ka kumanja, filimu imasendera malo a cithunzi cimodzi, citseko nicitcherekanso. Ikatha, wojambula amakanikiza kabatani ka pansi pa kamera ndi kupukusa kacigwiriro ka kumanzere mpaka filimu yonse itabwerera m'kacitini kace. Kutsegula kamera izi zisanacitike ndiko kupha nchito ya sabata lathunthu.

Cifukwa filimu inali ya ndalama, wojambula wa m'komboni sankaitsukitsa isanadzaze, ndipo anthu ankadikira masiku ambiri. Ena ankasamuka kapena kusowa ndalama yotsala, osabweranso. Zithunzi zambirimbiri zosatengedwa ndi eni ace zinapezeka ku Fine Art Studios, situdiyo yakale ya mu Lusaka, ndipo Mai Sana Ginwalla anazisonkhanitsa pa nchito yochedwa Zambia Belonging, kuti anthu aone mbiri ya mzindawu pa nkhope za anthu wamba. Zithunzi za akuluakulu a boma zinkasungidwa kale ndi nthambi yofalitsa nkhani. Za kalaliki, namwino ndi wosoka zovala zinatsala m'makatoni.

Kutsuka filimu kumacitika mumdima. Mankhwala oyamba amadetsa siliva amene anaona kuwala, aciwiri amacotsa wotsalayo kuti filimu isaopenso dzuwa. Cotuluka ndi negetivu, pamene coyera cimaoneka cakuda ndipo cakuda coyera. Negetivu ndiye mai wa cithunzi. Pepala likadyedwa ndi ciswe, negetivu imodzi ikhoza kubala ena ambiri, ndipo lero ikhoza kuwerengedwa ndi makina ndi kulowetsedwa mu kompyuta kapena foni. Imafuna envulopu ya pepala, malo ouma kutali ndi kutentha kwa malata, ndi kugwiridwa m'mphepete mokha.

Kamera yoyamba ya dijito yogwirika m'manja, yosafuna filimu, inapangidwa mu 1975 ndi Steven Sasson, wanchito wa Kodak yomweyo, ndipo mu 2012 kampaniyo inapita ku khoti itamira m'ngongole. Komabe filimu ikupangidwabe ndi Kodak ndi Ilford, ngakhale mtengo wace ndi wokwera. Adani a kamera yosungidwa ndi awiri: batire loiwalika mkati, limene limawola ndi kudya zitsulo, ndi cinyezi ca m'dzinja, cimene cimameretsa cuku pa magalasi. Lenzi siipukutidwa ndi malaya.

Amene wapeza kamera m'katundu wa malemu asafulumire kutsegula kumbuyo. Ayambe wapukusa pang'ono kacigwiriro ka kumanzere kaja. Kakazungulira mopepuka, mulibe kanthu. Kakalimba, filimu ikadali mkati, ndipo iyenera kubwezedwa m'kacitini kace ndi kuperekedwa kwa wodziwa kutsuka, pakuti filimu yogona zaka zambiri, makamaka yakuda ndi yoyera, nthawi zina imatulutsabe zithunzi.