Borshch, Msuzi Wofiira wa Anthu a ku Ukraine

Borshch ndi msuzi wofiira, wowawasira pang'ono, womwe mabanja a ku Ukraine amadya chaka chonse. Kufiirako kumachokera ku bitiruti, mbewu yomwe imachita bwino m'dothi lakuda la dzikolo ndipo imasungika nyengo yonse yozizira.

Wophika amayamba wabwatitsa nyama yamafupa, ya nkhumba kapena ya ng'ombe, pamoto wochepa. Pambali amakazinga anyezi, karoti ndi bitiruti woduladula, n'kuthiramo tomato ndi kaviniga. Apa ndi pamene pagona luso: popanda chowawasa, bitiruti amatumbuluka ndipo msuzi umataya maonekedwe. Mbatatesi ndi kabichi zimalowa mumphika, zokazingazo n'kutsatira. Ambiri amamaliza ndi salo, mafuta a nkhumba othira mchere, omwe amawasinja pamodzi ndi adyo. Popakula, pamwamba amaikapo supuni ya smetana, kirimu wosasa wonga chambiko cholimba, ndipo amadyera pampushky, timabanzi topaka adyo. Eni ake amati borshch amakoma zedi akagona usiku umodzi.

Kaphikidwe sikamodzi ayi. Ku Poltava amaponyamo halushky, timibulu ta ufa wa tirigu, pomwe ena amathiramo nyemba. Madzulo a tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, mabanja amakonza zakudya 12 zopanda nyama, ndipo kumadzulo kwa dzikolo borshch wa tsikuli amabwera ndi vushka, timibulu toikamo bowa. Msuziwu umapezekanso paukwati ndi pa chakudya chokumbukira omwalira, ndipo mwana amaphunzira kuuphika poonerera amayi kapena agogo ake.

Chikhalidwe chotere chimadalira khomo lokhazikika, munda ndi anthu odyera pamodzi. Nkhondo yomwe Russia idakuza ku Ukraine pa 24 February 2022 idasokoneza zonsezi, pamene anthu mamiliyoni ambiri adathawa kwawo. N'chifukwa chake pa 1 July 2022 bungwe la UNESCO lidafulumiza ndondomeko yake n'kuika chikhalidwe chophika borshch wa ku Ukraine pa mndandanda wa miyambo yofunika kutetezedwa mwachangu. Katswiri wophika Ievgen Klopotenko ndi mmodzi mwa omwe adalimbikira ntchitoyi, ndipo dziko la Ukraine lidali litaika kale chikhalidwechi pa mndandanda wake mu 2020. UNESCO idafotokoza kuti ganizoli silikutanthauza kuti msuziwu ndi wa Ukraine yokha, poti umaphikidwanso ku Poland, ku Russia ndi m'maiko ena oyandikana nawo.