Mau Ofotokoza Zida Angasokeretse Makina a AI

Makina a nzeru zopangidwa ndi anthu, ochedwa AI, masiku ano samangoyankha mafunso cabe. Amathanso kugwira nchito paokha, monga kufufuza mitengo ya mbeu kapena kutumiza uthenga. Pocita zimenezi amadalira mapulogalamu ena ochedwa zida, ndipo cida ciliconse cimakhala ndi mau ocepa ofotokoza nchito yake. Makinawo amasankha cida potsatira mauwo.

Mu November 2024, kampani ya Anthropic ya ku America inatulutsa Model Context Protocol, njira yolumikizira makinawa ndi zida, ndipo kucokera pamenepo zida zotere zaculuka kwambiri.

Bvuto limabuka pamene mau ofotokozawo ndi osamveka bwino. Mwacitsanzo, mlimi wa ku Chipata angafunse mtengo wa cimanga. Ngati cida cingonena kuti "mtengo mu Kwacha", osachula ngati ndi Kwacha ya Zambia kapena ya Malawi, imene imagwira nchito munthu akangodutsa malire a Mwami, yankho lingamutayitse ndalama. N'cimodzimodzinso ngati sicinena kuti mtengowo ndi wa kilogalamu imodzi kapena wa thumba la makilogalamu 50.

Poyesa ubwino wa mauwo, akatswiri amapatsa makina mafunso ambiri amene mayankho ake ngodziwika kale. Kenaka amawerenga kuti makinawo asankha kangati cida coyenera ndi kuikamo manambala olondola. Pamene alakwitsa, mauwo amalembedwanso ndi kuyesedwa kaciwiri, cidaco cisanaperekedwe kwa anthu.