Mwana Amene Saona Pa Bolodi

M'masukulu ndi m'makalasi a katekisimu ku Kabwazi ndi madera ena a kumapiri a Dedza muli ana amene amatchedwa aulesi, pamene vuto lawo ndi maso. Buku amawerenga bwinobwino, koma zolembedwa pa bolodi amaziona mwachimbuuzi. Madokotala amatchula vutoli kuti myopia, ndiko kuona bwino zapafupi zokha.

Diso lili ngati kamera. Kuwala kukalowa, kuyenera kukumana pa kachikopa ka kumbuyo kwa diso kotchedwa retina. Diso likatalika mopitirira muyeso, kuwalako kumakumana kusanafike pa kachikopako, ndipo zakutali zimasokonekera. Vutoli limayamba kawirikawiri pa msinkhu wa sukulu, nkumakula mpaka zaka za m'ma 20. Limayenda m'magazi, komanso limakula msanga mwa ana okhalitsa m'nyumba maso ali pa buku kapena pa foni. Si ng'ala, ndiponso si ufiti. Bungwe la WHO linanena mu 2019 kuti anthu pafupifupi 2.6 biliyoni ali nalo.

Makatekisiti ndi makolo angathe kulizindikira. Mwana wotere amatsinzinira poyang'ana kutali, amakopera kwa mnzake, amadandaula mutu, ndipo sazindikira munthu kufikira atayandikira. Mwanayo sadandaula za maso ayi, pakuti amayesa kuti aliyense amaona choncho.

Kuyeza sikupweteka. Munthu amaima mamita 6 kuchokera pa tchati cha zilembo chimene Herman Snellen anakonza mu 1862, nkuwerenga ndi diso limodzilimodzi. Osadziwa kuwerenga amangoloza kumene chilembo E chayang'ana. Yambirani ku chipatala cha boma ku Dedza. Zikavuta, kuli zipatala za maso ku Nkhoma ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Thandizo lake ndi magalasi oyezedwa, okhala ndi nambala yoyamba ndi chizindikiro chochotsera, monga -2.00. Magalasi owerengera a pamsika, amene ife opitirira zaka 40 timawadalira powerenga, ndi a vuto lina, ndipo mwana wotere angomuwonjezera chimbuuzi. Mphekesera yakuti magalasi amapha maso ndi yabodza. Nambala imasintha chifukwa diso likukula, nchifukwa chake mwana ayezedwenso chaka chilichonse. Kusewera panja maola awiri patsiku kumathandiza kuti vutoli lisayambe msanga.

Amene nambala yake yapitirira -6.00 akhale tcheru: akayamba kuona kung'anima kapena mthunzi wotchinga mbali ya diso, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa retina ingakhale ikumatuka.