Njinga ya kabaza ikamanjenjemera: mphira kapena bawuti yatsopano?

Mvula ikamatha mu Epulo, amakaniko a njinga zamoto ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo amamva dandaulo limodzi mobwerezabwereza: njinga ikunjenjemera. Misewu ya dothi imakhala itakumbika ndi madzi, ndipo njinga yomwe yadumpha maenje dzinja lonse, itanyamula anthu awiri kapena matumba a makala, imayamba kumasuka paliponse pamene pali nati. Wokwera amamva kunjenjemerako pa chishalo ndi m'mapazi, pamene wakabaza amakumva m'manja tsiku lonse.

Njinga zambiri za kabaza zili ndi injini ya pisitoni imodzi, ya pakati pa 100cc ndi 150cc. Injini yotere siingakhale phee. Pisitoni imakwera, kuima, kutsika ndi kuimanso, ndipo injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, ulendo umenewu umachitika ka 100 pa sekondi imodzi. Zitsulo zolemera za pa kilanki zimachepetsa kugwedezako koma sizikuthetsa. Choncho makaniko wodziwa ntchito amayamba wafunsa mwini wake ngati kunjenjemerako ndi kwatsopano, kapena ngati kwakula kuposa mmene kunalili njinga ili yatsopano.

Kufufuza kumayamba njinga ili pa sitandi, giya ili pa nyutirolo. Ikanjenjemera mopitirira pamene akuipatsa moto ili chiimire, vuto lili mu injini kapena pomwe injini yamangidwira. Ikakhala bwino pa sitandi koma n'kumanjenjemera pamsewu, maso amapita kumateyala. Pali njira ina yachidule: njinga ikuthamanga pamalo abwino, woyendetsa agwire kilatchi ndi kuleka moto. Kunjenjemera kukatha, ndi injini. Kukapitirira, afufuze limu yopindika, masipoko omasuka, mabeyaling'i a teyala, tcheni ndi masipuroketi. Tcheni chabwino chimasewera masentimita awiri kapena atatu pakati. Chikakungika kwambiri chimakoka injini, chikalekerera chimamenya, ndipo mano a sipuroketi akasongoka n'kupindika, tcheni ndi masipuroketi onse awiri amasinthidwa limodzi.

Pa garaja ina ya pansi pa mtengo ku Chinsapo panafika njinga yomwe inaonetsa mmene vutoli limakulira likalekereredwa. Inali yofiira, koma utoto unali utasuluka pa thanki pomwe maondo amakhudza. Galasi limodzi linali litagwa kale, lotsalalo linkavina kotero kuti galimoto ya kumbuyo inkaoneka ngati zitatu. Nambala inali yong'ambika kuchokera pa chibowo cha bawuti, ekizozi itamangidwa ndi waya, ndipo mahandulo anali atakulungidwa ndi chubu chakale mpaka kunenepa, poyesa kupulumutsa zala ku dzanzi. Mnyamata woiyendetsa ankatenga anthu pakati pa Chinsapo ndi m'tauni, ndipo madzulo aliwonse ankayenera kupereka ndalama kwa mwini njinga. Tsiku la ku garaja kwa iye linali tsiku lopanda ndiwo kunyumba, n'chifukwa chake anachedwa kubwera.

Makaniko atailiza, sipanala yomwe anaiika pa chishalo inayenda yokha mpaka kugwa pansi. Atazimitsa, anagwira injini ndi manja awiri n'kuikankha, ndipo inasuntha. Pa mabawuti omangira injini ku felemu, imodzi inalibe nati. Ina inali itadyeka pakati, ndipo chibowo chake, chomwe chinali chozungulira, chinali chitatalika ngati dzira. M'mbali mwake munali ufa wofiira wa dzimbiri, chizindikiro choti chitsulo chakhala chikupekesana ndi chinzake. Pakati pa injini ndi felemu panali tizidutswa ta teyala lakale tomwe makaniko wina anaikapo kale, titaphwanyika ndi kutentha komanso oyilo. Atapukuta matope, panaoneka mng'alu woonda pa khutu la felemu.

Tizidutswa ta teyala timeneti ndi tomwe timagawa amakaniko. Ena amati mphira ndi mankhwala: imamwa kugwedeza, ndiyosavuta kupeza, ndipo kasitomala amachoka akumva kusintha tsiku lomwelo. Amapereka chitsanzo cha galimoto, yomwe injini yake imakhaladi pa mphira. Amakumbutsanso kuti kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zochokera kunja zinakwera mtengo, ndiye wakabaza sangakane chinthu chaulere chomwe chikumupatsa mpumulo.

Ena amakana kwamtuwagalu. Amati mphira ya galimoto inapangidwira ntchitoyo ku fakitale, yomatidwa pa chitsulo ndi yoyezedwa kulimba kwake, pamene injini ya njinga zing'onozing'onozi inapangidwa kuti igwirane ndi felemu chitsulo pa chitsulo. Bawuti imagwira chifukwa yafinya zinthu zolimba. Ikafinya mphira, mphirayo imaphwa pakapita masiku, nati imamasuka, ndipo injini imayamba kusewera. Ikasewera imadya chibowo, imapinda bawuti uku ndi uku mpaka kuthyoka, komanso imasuntha sipuroketi yakutsogolo kotero kuti tcheni sichiyendanso mowongoka. Mkangano womwewu ulipo m'maiko ena pakati pa anthu omwe amamangirira tiinjini ta ku China pa njinga zakapalasa, ndipo kumeneko odziwa ambiri amachenjeza kuti mphira imathyoletsa mabawuti.

Mmene chitsulo chimagwirira ntchito zikugwirizana ndi gulu lachiwirili. Mphira ili ndi malo ake: pa mahandulo, popondera mapazi, pansi pa thanki ndi m'kati mwa habu yakumbuyo, momwe muli mphira zochepetsa kugunda kwa tcheni. Pomangira injini pamafunika bawuti yolimba ya saizi yake, washala, ndi nati yosamasuka yokha. Njinga ya ku Chinsapo ija anaitsitsa injini, khutu la felemu analiwotcherera ndi kulibowolanso, ndipo mabawuti onse anasinthidwa. Kunjenjemera sikunatheretu, koma kunabwerera pa mlingo wa injini ya pisitoni imodzi, ndipo galasi linayamba kuonetsa galimoto imodzi.

Mabawuti akakhala olimba koma injini ikunjenjemerabe ili chiimire, ndiye kuti siikuwotcha mafuta bwino kapena m'kati mwadyeka. Zotchipa ndi zomwe zimayamba kuonedwa: pulagi yakuda, sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi la chilimwe, mavavu osachunidwa, ndi kabuleta yomwe mwalowa madzi kapena zinyalala. Chomalizachi chimachuluka pa nthawi yomwe petulo wasowa, akabaza akamagula wa m'zigubu ndi m'mabotolo. Kenaka amaona nati ya pa magineto. Zonsezi zikakhala bwino koma pansi pa injini pakumveka kugogoda komwe kukukula akaipatsa moto, mabeyaling'i a kilanki atha, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi oyilo wosasinthidwa kapena woperewera. Apa injini iyenera kutsegulidwa, ndipo kupitiriza kuiyendetsa kumangowonjezera zofunika kukagula ku Biwi Triangle kapena ku Malangalanga.

Kunjenjemera kumadyanso thupi la munthu. Manja ogwira chinthu chonjenjemera maola ambiri kwa zaka amayamba dzanzi, zala zimachita ngati zikubayidwa, ndipo mphamvu yogwirira imachepa. Mitsempha ikawonongeka kwambiri siibwereranso mwakale. Kwa wakabaza, zala zomwezo ndi zogwirira buleki ndi kilatchi pamsewu wa M1 ku Kanengo, pakati pa mathiraki, kumbuyo kuli mayi wobereka mwana.

Pa masiteji a ku Area 23, kwa Mgona ndi ku Nsungwi ku Area 25, m'mawa uliwonse njinga zimapukutidwa mpaka kunyezimira, ndipo m'pomveka, pakuti kasitomala amasankha yooneka bwino. Koma sipanala siioneka kawirikawiri ngati kansalu kopukutira. Kuyesa manati a injini, a ekizozi ndi a mateyala kamodzi pa sabata kumatenga mphindi zochepa, ndipo eni njinga ayenera kulola anyamata awo kupita ku garaja vuto likangoyamba, osawalipiritsa ndalama ya tsikulo.